Wantchito akatsala yekha: mmene mungakonzere kuti asafe popanda womuona

Chaka china m'mwezi wa July, mlonda wa pa shedi yathu ya chimanga anapezeka m'mawa ali gone m'kanyumba kake, sakuyankha. Amene anamupeza ndi mayi wogulitsa zitumbuwa amene amadutsa pamenepo cha m'ma 5 koloko. Anadabwa kuona geti lili chitsekere, pamene masiku onse bamboyo amakhala atatsegula kale n'kumasesa pabwalo. Usiku umenewo kunazizira kwambiri, chisanu cha ku Dedza chimene chimalowa mpaka m'mafupa. Bamboyo anakoleza makala pa mbaula, n'kulowa nayo m'kanyumba, n'kutseka chitseko ndi kawindo komwe. Mpweya wa makala unamukomola. Tinathamangira naye kuchipatala pa galimoto ya mnansi, ndipo anatsitsimuka.

Chimene chinandisowetsa tulo masiku otsatira ndi chakuti kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa, maola 11 athunthu, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akanadziwa kuti bamboyo ali pa vuto. Ndinali nditamugulira chibonga, tochi ndi jekete, ndipo mumtima mwanga ndinkati ndamaliza. Zinthu zitatu zonsezo zinali pambali pake pamene ankakomoka, ndipo palibe chimene chikanaitana munthu.

Malangizo awa ndi a aliyense amene ali ndi wantchito wotsala yekha: mlonda wa usiku, wogaya pa chigayo, mtsikana wa mu kontena ya Airtel Money kapena Mpamba, mnyamata wothirira dimba ndi injini, wogula mbewu kumidzi pa njinga yamoto, wantchito wa m'nyumba. Lamulo la dziko lino la 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act limaika udindo wa chitetezo ndi umoyo wa wantchito pa amene anamulemba ntchito, ndipo udindowo sutha chifukwa choti inu mwaweruka.

Choyamba, pitani mukaione ntchitoyo pa nthawi yake

Malo amene mumawadziwa masana ndi ena usiku. Sankhani tsiku limodzi mupite pa nthawi imene wantchito wanu amakhala yekha, mukhale naye maola angapo. Yendani naye mmene amayendera. Ine nditachita zimenezi ndinaona zinthu zimene ndinali ndisanazionepo pa zaka zonse: kuseri kwa shedi kunali mdima wa ndiweyani chifukwa babu linapsa kalekale, chimbudzi chinali kunja kwa mpanda moti amatuluka pa geti pakati pa usiku, ndipo m'kanyumba mwake foni simagwira, amachita kukaima pafupi ndi mtengo wa mango kuti aimbe.

Mufunseni mwiniwakeyo chimene amaopa, ndipo mufunse modekha, mwina kawiri katatu. Anthu athu sakonda kudandaula kwa bwana, amaopa kuoneka ngati ntchito ikuwakanika. Mukangofunsa kuti "Bambo, zonse zili bwino?" adzati "Zili bwino, bwana." Funsani motere: "Ndi usiku uti umene munachita mantha kwambiri chiyambireni ntchito pano? Chinachitika n'chiyani?" Pamenepo mudzamva za anyamata amene anabwera kudzasuzumira pa mpanda mwezi watha, za njoka imene anaipha pafupi ndi matumba, za tsiku limene anadwala malungo n'kupirira mpaka kucha. Lembani zonsezo m'kope. Musaiwale kufunsa za thupi lake: ngati ali ndi BP, shuga kapena khunyu, muyenera kudziwa kuti mukonze zomuthandiza, ndipo nkhaniyo ikhale ya awiri inu.

Chachiwiri, patulani ntchito zimene munthu asagwire ali yekha

Pali ntchito zina zimene foni singathandize, chifukwa ngozi yake imatha munthu m'mphindi zochepa. Kulowa m'chitsime, m'thanki kapena m'dzenje la zonyansa, momwe mpweya wabwino umakhala wochepa. Kukwera pa denga kapena pa makwerero atali. Kukonza lamba wa chigayo kapena kugwira mawaya a magetsi. Kunyamula ndalama zambiri kupita nazo ku banki. Izi zidikire mpaka pakhale munthu wachiwiri, ngakhale makasitomala atafola ndi matumba awo panja.

Wogaya muuzeni kuti akafuna kukhudza lamba kapena kutsegula makina, ayambe wazimitsa pa swichi yaikulu, ndipo asavale malaya olendewera kapena chitenje chomasuka pafupi ndi lamba. Swichiyo ikhale poti angaifikire msanga, osati kuseri kwa mulu wa matumba.

Nkhani ya mankhwala a anankafumbwe ndiikepo mtima. Mapilitsi aja amene amaika m'matumba n'kufunditsa lona amatulutsa mpweya wa poizoni umene umapha munthu monga umaphera tizilombo, ndipo umadutsa m'ming'alu ya khoma ndi pansi pa chitseko. Ntchitoyo ndi ya anthu ophunzitsidwa. Masiku amene mankhwalawo ali m'shedi, mlonda asagone mkatimo, asabisalemo mvula, ndipo ngati kanyumba kake kagundana ndi khoma la shedi, mupezereni malo ena okhala.

Chachitatu, konzani kuti kukhala chete kwake kuzikudzutsani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ambiri timauza wantchito kuti "pakakhala vuto undiimbire." Koma munthu amene wakomoka, wamangidwa manja, kapena walandidwa foni sangaimbe. Ndiye dongosolo litembenuzidwe: iye aziimba pamene zinthu zili bwino, pa nthawi zimene mwagwirizana, ndipo akapanda kuimba, inu mudziwe kuti pali vuto.

Gwirizanani nthawi zenizeni. Ife tinaika 7 koloko madzulo akangolandira malo, 10 koloko usiku, 1 koloko, 4 koloko m'bandakucha, ndi 6 koloko poweruka. Ntchito ikakhala yoopsa kwambiri, monga kuyendetsa injini, mipata ikhale yaifupi. Sikuti achite kucheza nanu. Kuflasha kawiri n'kokwanira, kapena uthenga wa mawu awiri pa WhatsApp ngati ali ndi foni yotero. Inunso muyankhe, ngakhale ndi kuflasha kamodzi, kuti adziwe kuti kumbali inayo kuli munthu wamoyo. Wantchito akaona kuti akuflasha mwala, pakatha sabata ziwiri amaleka.

Kenako sankhani amene azilandira. Munthu mmodzi sangadzuke 1 koloko ndi 4 koloko masiku onse chaka chathunthu, ndiye gawanani: sabata ino inu, sabata yamawa mng'ono wanu kapena kapitawo. Tcherani alamu pa foni pa nthawi zimenezo. Ngati pafupi pali alonda ena, monga wa pa golosale yoyandikana kapena wa pa sukulu, kambiranani ndi mabwana awo kuti alondawo aziyankhana ndi wenzulo kapena kuflashana pakati pa usiku. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo alonda awiri a mipanda yosiyana amene amamvana amakhala ngati ali pamodzi.

Tsopano lembani chochita akapanda kuimba, ndipo chilembedwe ndithu papepala, chifukwa 1 koloko usiku mutu sugwira bwino ndipo mtima umakunyengerera kuti "mwina wangogona." Ife timachita motere. Pakadutsa mphindi 10, timamuimbira. Akapanda kuyankha, timaimbanso patatha mphindi 5. Akapandanso, timaimbira mnansi amene ali pafupi kwambiri ndi malowo kuti akaone ali patali, asalowe yekha, ndipo ife timanyamuka. Ngati mnansiyo waona zachilendo, geti lotsegula, galimoto yosadziwika, timaimbira apolisi tisanafike. Masiku ambiri mudzapeza kuti batire linatha kapena bamboyo anasinza, ndipo mudzabwerera kwanu mutataya tulo. Musamukalipire mpaka kumuopseza ndi kumuchotsa ntchito, chifukwa mawa adzapempha mwana wake kuti aziflasha ali kunyumba. Konzani chimene chinalepheretsa.

Foni ndi chida cha ntchito, ndiye mayunitsi ndi moto wake ndi udindo wanu. Muikireni mayunitsi mwezi uliwonse. Mugulireni power bank kapena kasola kotchajira, poti magetsi amazima nthawi iliyonse. Kafoni ka mabatani kamasunga moto masiku angapo ndipo sikakopa akuba, choncho ku ntchito ya usiku n'kabwino kuposa foni yodula. Ngati pamalopo netiweki ya kampani imodzi imavuta, muikireni ma SIM onse awiri, ya TNM ndi ya Airtel. Nambala zofunika zilembedwenso pa khoma ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa amene angapeze wantchito wanu atagwa mwina ndi munthu wodutsa, ngati mayi wa zitumbuwa uja.

Pomaliza pa gawoli, gwirizanani mawu achinsinsi. Zimachitika kuti achifwamba amuuza munthu kuti ayankhe foni ngati palibe kanthu. Sankhani chiganizo wamba chimene sichingadabwitse aliyense, monga "muwauze amayi kuti mbuzi ija yapezeka." Mukamva zimenezo, musafunse mafunso ambiri. Yankhani kuti "chabwino," dulani foni, itanani thandizo. Mawuwo adziwe anthu ochepa okha, ndipo wina mwa iwo akasiya ntchito, asinthidwe.

Chachinayi, muuzeni ndi pakamwa panu kuti asafere katundu

Alonda ambiri amavulala chifukwa cholimbana ndi gulu la anthu a zikwanje, ndipo amalimbana chifukwa akudziwa kuti katundu akabedwa, woyamba kuganiziridwa ndi iwo, ndipo malipiro awo adulidwa. Muitaneni, mukhale naye pansi, mumuuze momveka: "Bambo, akabwera ambiri kapena ali ndi zida, musalimbane nawo. Thawani, bisalani, imbani wenzulo mukafika poti sangakugwireni. Matumba tidzagula ena." Ntchito ya mlonda mmodzi ndi kuona msanga ndi kuitana anthu. Muyende naye mumusonyeze kothawira, ndipo muonetsetse kuti kanyumba kake sikali pa kona yopanda potulukira.

Mawu amenewa amagwira ntchito ngati mwawasunga tsiku limene zachitikadi. Mukadzamudula malipiro kapena kukamusiya m'manja mwa apolisi popanda umboni uliwonse, alonda onse a m'deralo adzamva, ndipo wotsatira adzalimbana mpaka kufa.

Kwa amene amagwira ndalama, chitetezo chachikulu ndi kuchepetsa ndalama zimene ali nazo. Ikani malire a ndalama zokhala mu kontena, zikapitirira wina abwere adzatenge. Kotenga ndi kokasiya kusakhale nthawi imodzimodzi masiku onse kapena njira imodzimodzi. Atseke kusanade, ngakhale mutaona kuti madzulo ndi pamene makasitomala amachuluka, ndipo asawerengere ndalama pa windo. Akamuloza ndi mpeni, apereke.

Atsikana ndi amayi amene amatsala okha mu shopu, mu saluni kapena m'nyumba ali ndi vuto linanso limene kawirikawiri salinena: amuna amene amabwera pamene aona kuti palibe wina. Chitseko chikhale chokhomeka mkati. Mupatseni mphamvu yokana kutsegulira munthu aliyense amene sakumudziwa, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi bwana, mpaka atakuimbirani. Ndipo pakhale mayi wina wamkulu amene angamuuze zinthu zimene sangathe kukuuzani inu, makamaka ngati wovutitsayo ndi m'bale wanu kapena kasitomala amene mumamulemekeza.

Chachisanu, kanyumba ka mlonda

Mpweya umene unagwetsa mlonda wathu umatchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umatuluka pa makala oyaka ngakhale utsi utaleka kuoneka. Umatulukanso mu jenereta ndi mu injini ya dizilo. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo poti zimafanana ndi kutopa kapena malungo, amangoti ndigone pang'ono. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, ndipo jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda mmene muli mbaula, tsegulani zitseko, mutulutsireni panja pa mpweya, ndipo mupite naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino.

Koma kungoletsa mbaula osamupatsa china n'kudzinamiza. Munthu amene akunjenjemera mu June ku Dedza, ku Mzuzu, kapena pa chiperoni ku Thyolo adzakoleza moto basi. Mugulireni chikhoti chokhuthala, chipewa, masokosi, bulangete ndi fulasiki ya tiyi. Ngati awotha moto, awothere panja pa khonde podutsa mphepo. Nthawi ya dzinja pakhale chovala cha mvula ndi majombo, ndiponso mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, poti mlonda sangalondere ali mu neti. Madzi akumwa ndi chimbudzi zikhale mkati mwa mpanda. Udzu wozungulira udulidwe, ndipo magetsi a sola aikidwe m'makona amdima.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwanani ndi amene adzafike inu musanafike

Ngati mumakhala mtunda wa theka la ola kuchokera pamalopo, amene adzapulumutse wantchito wanu ndi anansi. Pitani mukawaone masana, mudzitchule, muwasonyeze wantchitoyo, musiye nambala yanu ndi kutenga zawo. Kaonekereni kwa amfumu ndi kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo akamasonkhetsa ya matochi ndi mawenzulo, sonkhani nawo. Nambala ya apolisi ya 997 ilembedwe pa khoma, koma mupitenso pa polisi ya pafupi mukatenge nambala ya foni ya pamenepo. Pezani wa kabaza wa njinga yamoto kapena mwini galimoto mmodzi amene wavomera kudzutsidwa usiku, mugwirizane mtengo lero, kuti tsikulo pasadzakhale kunenerera munthu akutaya magazi. Kiyi wapadera wa geti akhale kwa munthu wodalirika wapafupi.

Pamalopo pakhale kabokosi ka mabandeji, thonje, magolovesi ndi nsalu zoyera, ndipo wantchito adziwe zinthu ziwiri izi. Bala likamatuluka magazi ambiri, alikanikize mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya, n'kuitana thandizo. Njoka ikamuluma, kaya ndi mphiri kaya sanaione bwino, asateme pabalapo, asayamwe, asamange chingwe chothina. Avule mphete kapena nsapato chiwalocho chisanatupe, asayendeyende, anyamulidwe kupita kuchipatala msanga.

Chachisanu ndi chiwiri, amene amayenda

Wogula mbewu, wotolera ngongole kapena wokasiya katundu asanyamuke osasiya mawu a kumene akupita, njira imene adutse, amene akakumane naye ndi nthawi yobwerera. Aimbe akafika ndi ponyamuka. Akasintha njira anene. Chipewa cha njinga yamoto avale, ndipo nthawi ya mvula muuzeni kuti mtsinje ukadzaza agone tsidya lomwelo, ndalama ya malo ogona mudzabweza. Ntchito yotolera ngongole kwa munthu amene anaopsezapo kale apite awiri.

Chachisanu ndi chitatu, tulo

Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limaika maola 48 pa sabata ngati maola wamba a ntchito, ndipo limafuna kuti munthu apume tsiku lathunthu akagwira masiku 6 otsatizana. Alonda ambiri amagwira masiku onse osapuma, ndipo masana amapita ku ganyu kapena kumunda chifukwa malipiro sakwana. Munthu wotero pofika 2 koloko usiku maso amatseka okha, kaya mumukalipire bwanji. Pezani wolowa m'malo tsiku limodzi pa sabata, ndipo wantchito akadwala akhale ndi ufulu wonena popanda kuopa kudulidwa. Mlonda amene akubwera ndi malungo chifukwa palibe womulandira ndi amene mudzamupeze atagwa.

Chachisanu ndi chinayi, zikachitika, ndiponso zisanachitike

Wantchito akavulala pa ntchito, mutengereni kuchipatala, sungani mapepala onse, lembani zimene zinachitika tsiku lomwelo, ndipo mukanene ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito, ndipo a ku ofesiko adzakuuzani mafomu oyenera. Amene waopsezedwa ndi achifwamba, ngakhale alibe bala, musamubwezere pamalo omwewo yekha usiku wotsatira. Mupatseni masiku, ndipo akabwerera akhale ndi mnzake kaye.

Dongosolo lonseli muliyese lisanafunike. Gwirizanani ndi wantchito wanu kuti usiku wina, umene ena sakuudziwa, asaflashe 1 koloko. Khalani ndi wotchi muone kuti papita mphindi zingati kuti wolandira azindikire, kuti mnansi adzuke, kuti munthu afike pa geti. Ife titayesa koyamba panatha mphindi 50, chifukwa foni ya mnansi inali yozimitsa ndipo kiyi wapadera anali m'thumba la munthu amene anapita ku maliro ku Ntcheu. Tinawonjezera mnansi wachiwiri, tinadulitsa kiyi wina, ndipo tinayesanso mwezi wotsatira.